Achinyamata Odzipereka pa Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi ku Monkey Bay

Moto ukabuka m'nyumba yofolera ndi udzu, kapena bwato likagubuduzika panyanja, moyo wa munthu umapulumuka kapena kutayika m'mphindi zochepa zoyambirira, galimoto yozimitsira moto, ambulansi kapena boti la asilikali zisanafike n'komwe. Ubongo wa munthu womira umayamba kuwonongeka pakatha mphindi zinayi mpaka zisanu ndi imodzi usakulandira mpweya, ndipo denga la udzu wouma likagwira moto m'nyengo ya mphepo limanyeka lonse anthu akadali kuthamangira ndowa. Ku Monkey Bay, tauni ya anthu pafupifupi 15,000 imene ili m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, pa mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera pa boma la Mangochi, mphindi zimenezi zimakhala m'manja mwa amene ali pafupi, ndipo kawirikawiri apafupiwo amakhala achinyamata: alovi ogwira ntchito m'mabwato a eni makoka, akabaza, ophunzira a kusekondale ndi atsikana oyanika usipa pagombe. Achinyamatawa amathamangira kale kumene kwamveka mkuwo popanda wowatuma, kotero nkhani yofunika kuiunika ndi yakuti amafika pangozipo ataphunzitsidwa chiyani, atanyamula zipangizo zotani, ndiponso akuyang'aniridwa ndi yani.

Ngozi za m'mbali mwa nyanja

Ngozi yoyamba ndi ya panyanja penipenipo. Kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Sepitembala kumawomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imautsa mafunde otha kumiza ngakhale chombo chachikulu, monga zinachitikira sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja ya Malawi, pamene anthu 145 anataya miyoyo. M'miyezi imeneyi asodzi a ku Msaka, Chembe ndi Malembo saleka ntchito, chifukwa mabanja ambiri amadya zimene zapezeka tsiku lomwelo, ndipo mabwato amapita usiku kukapha usipa ndi makoka a chilimira, motsogozedwa ndi siginala, yemwe ndi msodzi wokhala m'bwato laling'ono ndi nyali zokopera nsomba. Nthambi yoona za nyengo imachenjeza za mwera pa wailesi, koma chenjezolo limapindula pokhapokha pagombe pakhale munthu wolimva, kulimvetsa ndi kulifikitsa kwa alovi mabwato asananyamuke. Kuwonjezera pa asodzi, madziwa amatenganso ana osambira m'mphepete ndi alendo obwera pa tchuthi amene sadziwa pakuya, ndipo m'malo a bango mumabisala ng'ona ndi mvuu. Chipatala cha Billy Riordan Memorial cha ku Chembe, chimene chinatsegulidwa mu 2004, ndi chikumbutso cha mnyamata wa ku Ireland amene anamira pamalopo mu 1999. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'chaka cha 2021 chokha, ndipo bungwe la United Nations linapatula 25 Julayi kuti likhale tsiku lokumbutsana za kupewa imfa zoterezi.

Ngozi yachiwiri ndi moto. M'madooko a asodzi nyumba ndi zisakasa zimamangidwa mothithikana, zambiri ndi zofolera ndi udzu, ndipo pakati pa nyumbazo pamakhala ng'anjo zowambira nsomba, mbaula za makala, makandulo, komanso zigubu za petulo wa mainjini a maboti amene amasungidwa m'chipinda chogona poopa akuba. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, moto wolusa umayakanso m'mapiri ozungulira, kuphatikizapo a m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Moto umenewu kawirikawiri umayamba ndi osaka mbewa kapena ososa m'minda. Ozimitsa moto olembedwa ntchito m'Malawi amapezeka kwenikweni m'makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso pa mabwalo a ndege, ndipo kuchokera ku Zomba kukafika ku Monkey Bay pali makilomita oposa 150. Galimoto yochokera kutali chotero ikhoza kungopeza phulusa.

Ngozi yachitatu ndi ya madzi osefukira pamodzi ndi matenda amene amawatsatira. Mu Januwale 2015 boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma 15 amene analengezedwa kuti agweredwa tsoka la madzi osefukira, ndipo kuchokera pamenepo anamondwe akhala akubwera motsatizana: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa ndipo oposa 600,000 alibe pokhala m'chigawo cha kum'mwera. Mu 2024 nyanja yeniyeniyo inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko lonse, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, makamaka m'madooko momwe zimbudzi ndi zochepa ndipo madzi a m'nyanja ndi omwewo akumwa, osamba ndi otsukira.

Njira zimene wachinyamata angalowere

Munthu wodzipereka, amene ambiri amamutchula kuti volontiya, ndi amene amagwira ntchito yothandiza anthu mwa kufuna kwake, popanda malipiro, koma pansi pa bungwe limene limamuphunzitsa, kumutuma ndi kumuyankhira. Bungwe lakale kwambiri la mtundu umenewu m'dziko lino ndi Malawi Red Cross Society, limene linayamba mu 1932 ngati nthambi ya bungwe la ku Britain, ndipo linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1966 kuti lizithandizana ndi boma pa ntchito zachifundo. Chiyambi cha Red Cross padziko lonse chili pa nkhondo ya ku Solferino ya mu 1859, kumene Henry Dunant wa ku Switzerland anasonkhanitsa anthu wamba a m'deralo kuti asamalire asilikali ovulala a mbali zonse, ndipo mpaka lero kudzipereka mwaufulu ndi imodzi mwa mfundo zisanu ndi ziwiri za bungweli, pamodzi ndi kusasankha mtundu, chipembedzo kapena chipani cha munthu wofuna thandizo. Mfundo yosasankhayi ili ndi phindu lenileni m'boma ngati la Mangochi, mmene Asilamu ndi Akhristu, Ayao, Achewa ndi Atonga obwera kudzapha nsomba amakhala pa gombe limodzi. Bungweli lili ndi nthambi m'maboma onse ndi magulu a achinyamata m'sukulu, ndipo phunziro loyambirira kwa aliyense wolowamo ndi chithandizo choyamba, chimene ndi thandizo loperekedwa kwa wovulala kapena wodwala asanafike m'manja mwa achipatala.

Njira yachiwiri ndi ya makomiti a boma. Madzi a napolo atawononga ku Phalombe mu Malichi 1991, dziko lino linakhazikitsa lamulo loyamba lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo pansi pa nthambi ya DoDMA, imene imayendetsa ntchito imeneyi, panabadwa makomiti a magawo atatu: ya pa boma motsogozedwa ndi bwanamkubwa, ya m'dera la mfumu yaikulu, ndi ya m'mudzi pansi pa gulupu. Komiti ya m'mudzi ndiyo imazindikira malo oopsa, kuchenjeza anthu ndi zimkuzamawu ndi mawezulo, kusamutsira okalamba, olumala ndi ana kumtunda, kulemba mabanja okhudzidwa ndi kuthandiza kuyendetsa misasa. Lamulo latsopano la 2023 linalowa m'malo mwa la 1991, ndipo limatsindika kuchepetsa chiopsezo ngozi isanagwe, m'malo modikira kugawa ufa ndi matenti pambuyo pake. Pagombe palinso makomiti a asodzi odziwika ndi dzina lakuti BVC, amene anayamba ku nyanja ya Malombe mu 1993 ndipo amadziwa mwini bwato aliyense ndi alovi ake. Mipando ya m'makomiti onsewa kawirikawiri imakhala ya akuluakulu, chonsecho kalembera wa 2018 anaonetsa kuti theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18, ndipo onyamula machira, opalasa bwato ndi othamanga ndi uthenga ndi achinyamata.

Zimene maphunziro amasintha

Mfundo yoyamba imene wodzipereka aliyense amaphunzira ndi yakuti wopulumutsa asawonjezere chiwerengero cha ofuna kupulumutsidwa. Munthu amene akumira amakhala atasokonezeka ndi mantha, ndipo amagwira chilichonse chomuyandikira n'kuchikanikizira pansi, kotero kuti katswiri wosambira amene wadumphira m'madzi chimanjamanja akhoza kumira naye limodzi. Chifukwa cha ichi, wophunzitsidwa amayamba ndi kukuwa kuti ena abwere, kenako amatambasulira womirayo nsungwi, nkhafi kapena chitenje ali pouma, ndipo zikakanika amamuponyera chinthu choyandama monga chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino ndi kumangidwa ku chingwe. Kupita ndi bwato kumabwera pambuyo pa njira zimenezi, ndipo kusambira ndi njira yomaliza, ya okhawo amene anaiphunzira ndipo anyamula choyandamira. Womirayo akavuulidwa asakupuma, chizolowezi chomupachika chadodolido kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke chimangotaya nthawi, chifukwa chimene thupi likusowa ndi mpweya. Wophunzitsidwa amamugoneka chagada, kumuuzira mpweya m'kamwa, ndi kumudinikiza pakati pa chifuwa ka 30 motsatizana ndi kuuzira kawiri, mobwerezabwereza, uku wina akufunafuna galimoto. Luso limeneli silidziwika powerenga chabe, limafuna kuyeserera pamaso pa mphunzitsi, ndipo aliyense wovuulidwa m'madzi ayenera kukaonedwa kuchipatala ngakhale atatsitsimuka.

Pa nkhani ya moto, wophunzitsidwa amadziwa kuti moto umayaka pakakumana zinthu zitatu, kutentha, chinthu choyaka ndi mpweya, ndipo kuchotsapo chimodzi ndiko kuuzimitsa. Madzi amachotsa kutentha, n'chifukwa chake amathandiza pa udzu, matabwa ndi nsalu, koma akathiridwa pa petulo kapena mafuta ophikira amangomwaza motowo popeza mafuta amayandama pamwamba pa madzi, ndipo pa waya wa magetsi madziwo amafikitsa magetsi kwa wothirayo. Moto wa petulo umafuna mchenga, umene pagombe susowa, wa m'poto umafuna chivundikiro, ndipo wa magetsi umafuna kuyamba wazimitsa pa mita. Nyumba ikakolera kale, nzeru ndi kutulutsa anthu chokwawa, chifukwa utsi umakwera m'mwamba ndipo umapha ambiri kuposa malawi, kenako kunyowetsa kapena kusasula madenga oyandikana nayo kuti moto usadumphire, ndi kuletsa aliyense wofuna kubwerera m'nyumbamo kukatenga ndalama kapena ukonde. Bala la moto limafuna madzi oyera ozizira kwa mphindi 20 ndi nsalu yoyera, ndipo mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta zimene ambiri amapaka zimasunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo. Kuthengo ntchito yaikulu imachitika moto usanayake, polambula mizere yopanda udzu kuzungulira midzi, minda ndi nkhalango.

Ntchito zambiri za odzipereka sizioneka zaukatswiri, komabe ndi zimene zimapulumutsa anthu ochuluka. Pa mliri wa kolera, achinyamata anathandizana ndi alangizi a zaumoyo kuthira klorini m'ndowa za madzi, kuyenda khomo ndi khomo ndi uthenga wa ukhondo, ndi kuyendetsa malo operekera madzi a mchere ndi shuga pafupi ndi midzi. Kolera imapha pochotsa madzi m'thupi m'maola ochepa, kotero paketi imodzi ya Thanzi ORS yosungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ikaperekedwa msanga wodwala ali pa ulendo wa kuchipatala, imatha kumusunga ndi moyo. Ntchito zoterezi, pamodzi ndi kuwerenga uthenga wa zanyengo, kulemba mabwato onyamuka ndi obwerako, ndi kusamalira amayi ndi ana m'misasa, zimaonetsa kuti kudzipereka si kwa anyamata amphamvu okha, ndipo atsikana, amene amakhala pagombe nthawi yaitali pochapa ndi poyanika nsomba pa mathandala, nthawi zambiri ndiwo amayamba kuona mwana akumira.

Malire a kudzipereka

Amalawi ali ndi zifukwa za m'mbiri zokayikira ntchito yopanda malipiro. M'nthawi ya atsamunda kunali thangata, ntchito yokakamiza imene anthu ankagwira m'minda ya azungu ngati msonkho wa malo okhala, ndipo inali imodzi mwa madandaulo amene anautsa John Chilembwe mu 1915. M'nthawi ya chipani chimodzi kunali Sabata ya Achinyamata, imene inamanga milatho ndi zipinda zophunziriramo koma kukana kunalibe, ndiponso gulu la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963 ndi cholinga cha chitukuko koma linasanduka chida cha ndale mpaka asilikali analilanda zida mu Disembala 1993. Phunziro la mbiri imeneyi ndi lakuti kudzipereka kumakhala koona ngati munthu walowa yekha, ali ndi ufulu wotuluka, ndipo ntchito yake siikutumikira chipani kapena munthu wofuna kutchuka. Mwambi wakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako, umafotokoza bwino maziko ake, chifukwa ukunena za kuthandizana kwa anthu ofanana, kopanda kapitawo.

Vuto la masiku ano ndi la ulova. Wachinyamata wosowa ntchito amene wakhala tsiku lonse pa msasa wa anthu osamutsidwa amabwerera kwawo wopanda ndiwo, ndipo n'zosadabwitsa kuti ena amalowa m'magulu poyembekeza alawansi, n'kuzimiririka polojekiti ikatha. Kubwezera wodzipereka ndalama imene wagwiritsa ntchito pa mayendedwe, chakudya ndi mayunitsi a foni ndi chilungamo, ndipo kumasiyana ndi malipiro, koma kukachitika mobisa kapena mokondera kumagawanitsa gulu. Boma la Mangochi limadziwikanso ndi achinyamata ambiri opita ku South Africa kukafuna ntchito, zimene zikutanthauza kuti gulu lophunzitsidwa chaka chino likhoza kuperewera chaka chamawa, ndipo maphunziro ayenera kuchitika chaka ndi chaka, makamaka kudzera m'sukulu, m'mipingo ndi m'mizikiti. Palinso malire a msinkhu: kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho malo ake ndi m'kalasi la chithandizo choyamba, m'phunziro la kusambira ndi pa ntchito yofalitsa uthenga, ndipo sayenera kutumidwa m'mafunde a mwera, m'nyumba yoyaka kapena kukavuula mtembo. Ngakhale akuluakulu amene agwira ntchito zoterezi amavutika m'maganizo pambuyo pake, ena osagona tulo kwa masabata, ndipo amafunika mtsogoleri wokhala nawo pansi ndi kuwamvetsera.

Maiko ena akuonetsa kuti odzipereka amalimba pamene pali wowagwira dzanja. Ku Germany ozimitsa moto odzipereka ndi pafupifupi 1 miliyoni, kuposa kutalitali olembedwa ntchito, koma magalimoto, zovala ndi nyumba zosungiramo zipangizo zimagulidwa ndi makhonsolo, ndipo ana amalowa m'magulu a achinyamata kukaphunzira mwa masewera ndi mipikisano mpaka atakula. Ku South Africa bungwe la National Sea Rescue Institute, limene linayamba mu 1967, limapulumutsa anthu panyanja ndi m'madamu pogwiritsa ntchito anthu osalipidwa, koma maboti, mafuta ndi maphunziro awo zimachokera ku zopereka zokhazikika. M'maiko onse awiriwa wodzipereka amapereka nthawi ndi mphamvu zake, pamene zipangizo ndi chitetezo chake ndi udindo wa ena.

Zimene Monkey Bay ili nazo kale

Ndi matauni ochepa m'Malawi amene ali ndi akatswiri a pamadzi ochuluka ngati Monkey Bay. Ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, imene inalumikizidwa pa doko lomweli n'kuyamba kuyenda mu 1951, ndipo pali malo okonzera zombo, asilikali a pamadzi a Malawi Defence Force, sukulu ya Marine Training College yophunzitsa oyendetsa ndi okonza zombo, ofesi yofufuza za nsomba ndi chipatala cha Monkey Bay Community Hospital. Chapafupi, ku Mpwepwe, kuli sukulu ya zausodzi ya Malawi College of Fisheries, ndipo wailesi ya Dzimwe, imene inayambira ku Monkey Bay, imamveka m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Aliyense wogwira ntchito m'sitima amayenera kuphunzira kuzimitsa moto, kudzipulumutsa pamadzi ndi chithandizo choyamba, zimene zikusonyeza kuti luso limene achinyamata a m'madooko akulisowa lili kale m'tauni momwemo, kuseri kwa mipanda ya maofesi.

Chofunika ndi kulumikiza mbali ziwirizi mwadongosolo. Dooko lililonse likhoza kukhala ndi kagulu ka achinyamata odziwika kwa mfumu, kwa komiti ya asodzi ndi kwa achipatala, kophunzitsidwa mwera usanayambe ndi kukumbutsidwa mvula isanagwe, kokhala ndi majekete oyandamitsa, zingwe, mawezulo, matochi, magolovesi, ndowa za mchenga ndi machira zosungidwa pamalo amodzi odziwika, komanso nambala za foni za apolisi, achipatala ndi asilikali a pamadzi. Zipangizo zimenezi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa injini imodzi ya boti, ndipo eni malo ogona alendo ndi eni makoka, amene chuma chawo chimadalira nyanja yomweyi, akhoza kuthandizapo. Wodzipereka ayeneranso kulandira satifiketi yovomerezeka, chifukwa luso la chithandizo choyamba ndi kupulumutsa pamadzi limafunika m'mahotela, m'zombo ndi m'zipatala, ndipo likhoza kumutsegulira khomo la ntchito.

Kudzipereka kwa achinyamata sikuchotsa udindo wa boma ndi khonsolo wopereka magalimoto ozimitsira moto, maambulansi ndi maboti opulumutsira anthu m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Komabe ngakhale zonsezi zitapezeka, oyamba kufika pangozi adzakhalabe apafupi, ndipo kulimba mtima kwawo kudzapulumutsa anthu pokhapokha kutaphatikizidwa ndi luso. Wachinyamata wofuna kuyamba akhoza kufunsa ku nthambi ya Red Cross ya m'boma lake, kwa mphunzitsi woyang'anira magulu a pasukulu kapena kwa wapampando wa komiti ya ngozi ya m'mudzi mwake, ndipo mafumu, makolo ndi akhonsolo ayenera kuonetsetsa kuti aliyense wodzipereka waphunzitsidwa ndi kupatsidwa zodzitetezera asanatumidwe kulikonse.